Danga, nthawi ndi kuzindikira: mafunso ndi mayankho pa nkhani ya madayimenshoni

Mawu oti dayimenshoni akumveka paliponse masiku ano: kwa aphunzitsi a masamu, m'makanema, kwa okamba za mizimu, ngakhalenso kwa anthu olonjeza kuti akukwezani "m'dayimenshoni yapamwamba" mukangotsatira malangizo awo. Onsewa satanthauza chinthu chimodzi. M'mayankho ali m'munsimu tasiyanitsa zimene zinayesedwa n'kutsimikizika, zimene zidakali masamu apapepala, ndi zimene zili nkhambakamwa chabe.

Kodi dayimenshoni n'chiyani kwenikweni?

Si malo oti munthu n'kupitako ayi. Ndi chiwerengero cha manambala amene muyenera kutchula kuti mnzanu adziwe pamene chinthu chili, osakufunsaninso. Mkanda wotungidwa pa ulusi umafuna nambala imodzi: uli masentimita angati kuchokera kunsonga. Nyerere yoyenda patebulo imafuna manambala awiri. Ntchentche youluka m'chipinda imafuna atatu: kuchokera kukhoma ili, kuchokera kukhoma ilo, ndi kuchokera pansi. Atatu amenewa kusukulu timawatcha mulitali, mulifupi ndi msinkhu. Njira yolozera malo ndi manambala inafala chifukwa cha René Descartes, amene anailemba mu 1637.

Pali lamulo limene ambiri amaliphonya. Nambala iliyonse iyenera kukhala yoti mungaisinthe zinzake zili chikhalire. Kuyenda mopingasa patebulo si dayimenshoni yatsopano, n'kusakaniza ziwiri zomwe zilipo kale. Kupindika nakonso sikuwonjezera kanthu: khungu la mpira lili ndi madayimenshoni awiri basi, ngati mmene malo aliwonse pamapu a dziko amalozedwera ndi manambala awiri.

Akatswiri a masamu amawatambasula mawuwa. Kwa iwo chilichonse chofotokozedwa ndi manambala asanu odziimira paokha chili ndi madayimenshoni asanu, ngakhale manambalawo atakhala kutentha, chinyezi, liwiro la mphepo ndi zina zotero. Musaiwale tanthauzo lachiwirili, chifukwa chisokonezo chambiri chimabadwa pamene munthu wayamba chiganizo ndi tanthauzo ili n'kuchimaliza ndi lija.

Amati nthawi ndi dayimenshoni yachinayi. N'zoona?

N'zoona, koma chifukwa chake si chimene ambiri amatchula. Zoti msonkhano umafuna malo ndi ola aliyense ankazidziwa kalekale. Chatsopano chinabwera mu 1905, pamene Albert Einstein anayambira pa mfundo yoti liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, limapezeka lofanana kwa aliyense woliyeza, kaya waima kaya akuthamangira kumene kuwalako kukuchokera. Kuti zimenezi zitheke, anthu awiri oyenda pa liwiro losiyana ayenera kusiyana poyeza mtunda ndiponso nthawi ya pakati pa zochitika ziwiri. Mu 1908 Hermann Minkowski, amene anaphunzitsapo Einstein masamu ku Zurich, anasonyeza kuti pali muyeso umodzi umene onsewo amagwirizanabe, wophatikiza mtunda ndi nthawi pamodzi.

Tsamiritsani ndodo kukhoma. Ikapendekeka kwambiri imatenga malo ambiri pansi, ochepa m'mwamba. Mukaidzutsa zimasinthana, koma utali wa ndodoyo ndi womwewo. Kusintha liwiro kuli ngati kupendeketsa ndodo ija: chimene wina akuchiwerenga ngati mtunda, mnzake akuchiwerenga pang'ono ngati nthawi.

Komabe nthawi si mbale weniweni wa atatu aja. M'masamu a Pythagoras mbali zonse zimaphatikizidwa, pamene nthawi imalowa ndi chizindikiro chochotsera. Kachizindikiro kameneka ndi kamene kamaletsa chinthu cholemera kufika pa liwiro la kuwala, ndiponso kamakuletsani kutembenuka n'kuyang'ana dzulo ngati mmene mumatembenukira kuyang'ana kumbuyo. N'chifukwa chake akatswiri amakonda kulemba 3+1 m'malo mwa 4.

Pali umboni wanji woti nthawi siyenda mofanana kwa aliyense?

Ulipo wambiri, wina uli m'thumba mwanu. Kuti timvane, gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi limatchedwa maikulosekondi.

Masetilaiti a GPS amazungulira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Chifukwa cha liwiro lawo, mawotchi awo amachedwa ndi maikulosekondi 7 patsiku. Chifukwa choti ali kutali, kumene mphamvu yokoka ya dziko ndi yochepa, amafulumira ndi 45. Mukachotsera, amatsogola ndi 38 patsiku. Zikuoneka zochepa, koma pa maikulosekondi 38 kuwala kumayenda makilomita 11, ndipo malo anu foni imawapeza powerenga nthawi imene uthenga wa setilaiti watenga kuti ufike. N'chifukwa chake mawotchiwo amawachedwetsa dala asanawatumize kumwamba. Onaninso kuti foni imafuna masetilaiti osachepera anayi, osati atatu: zosadziwika n'zinayi, malo atatu ndi nthawi.

Mu 1971 Joseph Hafele ndi Richard Keating anakweza mawotchi a atomu m'ndege za anthu wamba n'kuzungulira nawo dziko, ulendo wina cholowera kum'mawa, wina kumadzulo. Pobwerera, mawotchiwo anasiyana ndi otsala pansi monga mmene masamu ananenera. Pofika mu 2010 akatswiri a ku Boulder, ku America, anaona kusiyana kwa nthawi atangokweza wotchi imodzi masentimita 33 okha.

Umboni wosangalatsa kwambiri ndi wa tinthu totchedwa muon. Timabadwa m'mwamba, makilomita pafupifupi 15, pamene cheza chochokera kutali chawomba mpweya. Moyo wake ndi maikulosekondi 2.2, wokwanira ulendo wa mamita 660 okha. Koma timafika pansi tambirimbiri, moti pafupifupi kamodzi kamadutsa m'chikhatho chanu sekondi iliyonse. Timatha kufika chifukwa pa liwiro lake, wotchi yake imayenda pang'onopang'ono kwambiri poyerekeza ndi yathu.

Kodi "tsopano" wanga ndi wa chilengedwe chonse?

Ayi. Choyamba, chilichonse chimene mukuona n'chakale: mwezi mukuuona mmene unalili masekondi 1.3 apitawo, dzuwa mphindi 8 ndi masekondi 20, nyenyezi ya Proxima Centauri zaka 4.2. Izi n'zosavuta, mungathe kuchotsera nthawi ya ulendo wa kuwalako. Chovuta n'choti ngakhale mutachotsera bwinobwino, anthu awiri oyenda mosiyana sagwirizana kuti n'ziti zikuchitika nthawi imodzi kumalo otalikirana. Palibe wolakwa pa awiriwa. Chimene sichisintha kwa aliyense ndi dongosolo la zinthu zimene china chingayambitse chinzake: palibe amene adzaone galasi likusweka mwala usanaponyedwe.

Kuchokera apa, ena amati dzulo, lero ndi mawa zonse zilipo pamodzi ngati masamba a buku lomwe linalembedwa kale, ife tikungowerenga tsamba limodzi. Ganizoli likugwirizana ndi masamu, koma ndi kumasulira kwa masamuwo, si chinthu chimene chinayezedwa. Anthu anzeru za fizikisi amatsutsanabe pa mfundo imeneyi.

Nanga bwanji nthawi imangopita kutsogolo?

Chodabwitsa n'choti malamulo oyendetsa tinthu ting'onoting'ono pafupifupi onse sasiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Jambulani mipira iwiri ikugundana, muonetse kanemayo chobwerera, palibe angadziwe. Jambulani dontho la inki likufalikira m'madzi, aliyense adziwa nthawi yomweyo.

Yankho la Ludwig Boltzmann linali la kuwerenga. Yalani ndalama zachitsulo 100 m'bokosi, zonse mutu uli m'mwamba, kenako gwedezani. Njira yoti zonse zikhale mutu ndi imodzi yokha. Njira zoti 50 zikhale mutu, 50 mbali inayo, ndi pafupifupi 1 wotsatiridwa ndi maziro 29. Palibe lamulo loletsa kuti zonse zibwerere kumutu, kungoti mungagwedeze mpaka kalekale osaziona. M'kapu ya madzi muli tinthu tochuluka kuposa pamenepo kutalitali, choncho chisokonezo chimangokula. Muyeso wa chisokonezochi umatchedwa entropy, ndipo kukula kwake ndi kumene Arthur Eddington mu 1927 anakutcha muvi wa nthawi.

Apa funso langosunthidwa. Kuti chisokonezo chizikula, chiyambi chiyenera kuti chinali chadongosolo kwambiri, ngati ndalama zija zisanagwedezedwe. Chilengedwe chinayambadi chotero zaka 13.8 biliyoni zapitazo, ndipo chifukwa chake ndi limodzi mwa mafunso aakulu amene sayansi ikulimbana nawobe.

Ndiye ulendo wopita m'tsogolo kapena m'mbuyo ndi wotheka?

Wopita m'tsogolo ndi wotheka, ndipo umachitika kale pang'onopang'ono. Munthu wokhala miyezi 6 pa International Space Station, chombo chokhalamo anthu chimene chimazungulira dziko m'mlengalenga, amabwera atatsalira ndi masekondi pafupifupi 0.005 poyerekeza ndi otsala pansi. Pa 87 peresenti ya liwiro la kuwala, chaka chimodzi cha woyenda chimakhala zaka 2 za otsala, ndipo pa 99.5 peresenti chimakhala zaka 10. Chotchinga ndi mafuta, si malamulo a chilengedwe. Wobwerera m'mbuyo ndi nkhani ina. Mu 1949 Kurt Gödel anapeza kuti masamu a Einstein amalola njira yobwerera ku dzulo m'chilengedwe chozungulira chonse ngati nguli, koma chathuchi sichioneka chotero. Njira zina zimene zinaganiziridwa zimafuna zipangizo zimene palibe anazionapo.

Dayimenshoni yachinayi ya danga, osati nthawi, ingaoneke bwanji?

Kuiona m'maganizo simungathe, ndipo musakhulupirire msanga wonena kuti amaiona. Kuiwerengera mungathe. Yambani ndi dontho. Likokeni, mupeza mzere wa nsonga 2. Kokani mzerewo cham'mbali, mupeza sikweya ya ngodya 4 ndi mizere 4. Kwezani sikweyayo m'mwamba, mupeza bokosi la ngodya 8, mizere 12 ndi nkhope 6. Tsopano kokani bokosi lonselo kulowera mbali imene si kutsogolo, si cham'mbali, si m'mwamba. Ngodya ziwirikiza kukhala 16. Mizere ikhala 12 ya bokosi loyamba, 12 ya lachiwiri, ndi 8 yojambulidwa ndi ngodya poyenda, yonse 32. Nkhope zikhala 6 ndi 6 ndi 12, zonse 24. Mabokosi otchinga chinthuchi ndi 8. Dzina lake ndi tesseract. Chithunzi chotchuka cha kabokosi m'kati mwa bokosi lalikulu ndi mthunzi wake chabe, monga mmene bokosi lojambulidwa papepala lilili mthunzi wa bokosi lenileni.

Njira ina ndi kutsika sitepe imodzi. Yerekezani zamoyo zafulati zokhala pankhope ya madzi, zosadziwa m'mwamba kapena pansi. Mpira ukamamira, izo zingaone kadontho kongotulukira, kakukula kukhala bwalo, kenako kakuchepa n'kusowa. Inu muli pamwamba mungaone m'mimba mwawo osazing'amba, mungatulutse chinthu m'chipinda chawo chotseka osaboola khoma. Wokhala m'madayimenshoni anayi angatichite ife chimodzimodzi: angatulutse za m'bokosi lokhoma, angamasule mfundo pachingwe osagwira nsonga zake, angatembenuze nsapato yakumanzere kukhala yakumanja. Zomalizazi August Möbius anazizindikira kale mu 1827.

Bwanji atatu, osati awiri kapena anayi?

Paul Ehrenfest anafunsa zimenezi mu 1917. Mphamvu yokoka imamwazika mbali zonse ngati kuwala kwa nyali. M'danga la madayimenshoni atatu, mukawirikiza mtunda kawiri mphamvuyo imachepa kanayi. Kuchepa kotereku kumalola pulaneti kuzungulira dzuwa mokhazikika: ikakankhidwa pang'ono, njira yake imangosintha pang'ono. M'danga la madayimenshoni anayi mphamvuyo ikanachepa kasanu n'katatu, ndipo kakankho kakang'ono kakanagwetsera dziko m'dzuwa kapena kulitaya kutali. Maatomu nawonso sakanakhazikika. Izi zikusonyeza chifukwa chake zamoyo ngati ife sizingapezeke kumalo otero. Sizikufotokoza chimene chinasankha atatu poyamba.

Nanga madayimenshoni 10 kapena 11 amene asayansi amatchula aja ali kuti?

Ali m'masamu. Mu 1921 Theodor Kaluza anasonyeza kuti mukawonjezera dayimenshoni imodzi pa masamu a Einstein, malamulo a magetsi ndi maginito amatulukamo okha. Mu 1926 Oskar Klein anayankha funso loti bwanji sitiiona: ndi yokulungidwa, yaing'ono kwambiri. Chingwe chomangidwa pakati pa mitengo iwiri, mukachiona patali, ndi mzere chabe. Kwa nyerere chili ndi njira ziwiri, yotsata utali ndi yozungulira, ndipo yozungulirayo imabwerera msanga pamene inayambira.

Chiphunzitso cha tizingwe, chimene chimati tinthu tonse ndi tizingwe tonjenjemera mosiyanasiyana, chimagwira ntchito bwino m'madayimenshoni 10, ndiye kuti 9 a danga ndi imodzi ya nthawi. Mu 1995 Edward Witten anagwirizanitsa mitundu isanu ya chiphunzitsochi m'chimodzi cha madayimenshoni 11. Owonjezerawo kawirikawiri amaganiziridwa kuti ndi aang'ono kuposa proton, kanthu ka pakati pa atomu, maulendo pafupifupi 1 wotsatiridwa ndi maziro 20. Palibe munthu, mzimu kapena mzinda ungakwanemo.

Ubwino wake, ganizoli lili ndi mbali zoyesedwa. Ngati pali dayimenshoni ina yokulirapo, mphamvu yokoka iyenera kusiya lamulo lochepa kanayi lija pa mitunda yaifupi kwambiri. Gulu la ku University of Washington, ku Seattle, limayeza zimenezi ndi zitsulo zolendewera pa kaulusi kopyapyala, ndipo mu 2020 linafika pa mpata wa mamilimita 0.052, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Lamulolo silinasunthe. Makina a Large Hadron Collider, ngalande yozungulira ya makilomita 27 kufupi ndi Geneva, anafufuza mphamvu yosowa mosadziwika pakugundana kwa tinthu, ngati kuti yathawira kwina. Anapeza kanthu ka Higgs mu 2012, koma chizindikiro cha dayimenshoni ina sanachipeze. Pa 17 Ogasiti 2017 kunafika mafunde a mphamvu yokoka ochokera pakugundana kwa nyenyezi ziwiri zakufa zothinana kwambiri, zotchedwa nyenyezi za neutron, atayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni, ndipo cheza chake chinafika patangopita masekondi 1.7. Mphamvu ya mafundewo inagwirizana ndi mtundawo, kusonyeza kuti panjira sanadonthere kwina.

Kuona kwathu n'koti awa ndi masamu olemekezeka amene sanapeze umboni. Wonena kuti "sayansi yatsimikiza madayimenshoni 11" wadumpha malire.

Mukamati kuzindikira mukutanthauza chiyani? Ndi chikumbumtima?

Ayi, chikumbumtima ndi chija chimakutsutsani mukalakwa. Pano tikunena chinthu chimene chimazima munthu akakomoka kapena akabayidwa mankhwala ogonetsa kuchipinda cha opaleshoni, n'kuyakanso akatsitsimuka: kuti pali wina m'katimo amene akumva ululu, akuona kufiira, akumva fungo.

Zodziwika bwino ndi izi. Ubongo umalemera makilogalamu pafupifupi 1.4, uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni, ndipo umagwiritsa ntchito mphamvu ya mawati 20. Maselo ambiri, pafupifupi anayi mwa asanu alionse, ali m'kaubongo kakumbuyo kotchedwa cerebellum, koma anthu owonongeka mbali imeneyi amavutika kuyenda ndi kulankhula, kuzindikira kulipobe. Chovulala chaching'ono pa tsinde la ubongo chingazimitse zonse. Choncho nkhani si kuchuluka kwa maselo, koma mmene alumikizirana.

Madokotala amayeza zinthu ziwiri zosiyana: kukhala maso, ndi kukhala ndi chimene ukuchimva. Wolota ali m'tulo koma akuona zinthu. Wodwala wina wovulala ubongo amatsegula maso osasonyeza kuti akudziwa kanthu. Mu 2006 Adrian Owen ndi anzake ku Cambridge anauza wodwala wotere, ali m'makina ojambula ubongo, kuti ayerekeze akusewera tenesi, kenako akuyenda m'nyumba mwake. Mbali za ubongo wake zinayaka mofanana ndi za anthu abwinobwino. Ku Milan, gulu la Marcello Massimini linapanga njira ina mu 2013: amagogoda ubongo ndi maginito kuchokera kunja kwa mutu, n'kujambula mmene magetsi a ubongo akuyankhira. Mwa munthu wozindikira yankho limafalikira kutali ndipo limasinthasintha. Mwa wogonetsedwa ndi mankhwala a propofol limafera pomwepo, kapena limangokhala funde limodzi losasintha.

Chimene sichinayankhidwe ndi chifukwa chake ntchito ya maselo imabwera ndi kumva kwa m'kati. David Chalmers analitcha vuto lovutalo m'zaka za m'ma 1990. Mu 1998 Christof Koch anabetcherana naye kuti pakatha zaka 25 chizindikiro chenicheni cha kuzindikira mu ubongo chidzakhala chitapezeka. Mu 2023 Koch anavomera kuti waluza, n'kupereka vinyo.

Kodi kuzindikira sikungakhale dayimenshoni yachisanu, kapena kukhala m'dayimenshoni ina?

Bwererani ku funso loyamba lija. Dayimenshoni ya danga ndi mbali imene chinthu chingasunthire, mtunda wake n'kuyezedwa, ndipo kupezeka kwake kumasintha mmene mphamvu zimachepera ndi mtunda. Wonena kuti kuzindikira ndi dayimenshoni yotere ayenera kutiuza kuti timayeza ndi chiyani, nanga n'chiyani chingaoneke mosiyana ngati akunama. Popanda zimenezi, chiganizocho chimangomveka bwino m'khutu.

Maganizowa si atsopano. Mu 1877 Friedrich Zöllner, pulofesa wa zakuthambo ku Leipzig, anakhulupirira kuti mizimu imakhala m'dayimenshoni yachinayi. Anaitana Henry Slade, munthu wa ku America wodzitcha wolankhula ndi mizimu, amene chaka cham'mbuyo anazengedwa mlandu wa chinyengo ku London. Slade anaonetsa mfundo pachingwe chimene nsonga zake zinali zomatidwa, chinthu chimene amatsenga apasiteji amachitanso. Zöllner, kunena chilungamo, anaganiza mayeso abwino: kulowetsana mphete ziwiri zosemedwa ku mitengo yosiyana popanda kuthyola, ndiponso kutembenuza mapindidwe a chigoba cha nkhono kuti azungulire mbali inayo. Zimenezi zikanatsala ngati umboni woti aliyense agwire. Slade sanachite ngakhale chimodzi.

Pa tanthauzo lachiwiri lija, la masamu, kukamba za madayimenshoni a kuzindikira n'kololeka ndipo n'kothandiza. Diso la munthu lili ndi mitundu itatu ya maselo oona mitundu, choncho mtundu uliwonse umafotokozedwa ndi manambala atatu. N'chifukwa chake sikirini ya foni imakwanitsa zonse ndi timagetsi tofiira, tobiriwira ndi tabuluu. Mbalame zambiri zili ndi mitundu inayi ya maselowa, ndiye kuona kwawo kuli ndi madayimenshoni anayi, koma zimauluka m'danga lomweli. Chimodzimodzi nkhani imene inafala mu 2017 yoti ubongo uli ndi madayimenshoni 11. Inachokera ku gulu la Blue Brain ku Switzerland, ndipo ankawerenga magulu a maselo olumikizana onse ndi onse. Pa kawerengedwe kawo, maselo 3 otere ndi madayimenshoni 2, maselo 4 ndi 3, maselo 12 ndi 11. Maselowo ali m'chigaza momwemo, m'mulitali, mulifupi ndi msinkhu.

Koma amati mu fizikisi ya quantum, ya tinthu ting'onoting'ono kwambiri, woyang'ana amasintha zinthu. Si umboni woti maganizo amalenga dziko?

Mawu oti "woyang'ana" ndi amene amasocheretsa. Mukawombera ma electron, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi, pa khoma la timipata tiwiri, kuseri kumatuluka mizeremizere ngati ya mafunde okumana. Mukaika chipangizo chodziwa mpata umene electron iliyonse yadutsa, mizereyo imasowa. Imasowa kaya munthu wawerenga chipangizocho kaya aliyense wapita kukagona. Chofunika ndi kukhudzana kosiya chizindikiro, ngakhale ndi kanthu kamodzi ka mpweya. Eugene Wigner anaganizapo kuti maganizo a munthu ndi amene amamaliza muyeso, koma pambuyo pake anasiya ganizolo.

Roger Penrose ndi Stuart Hameroff m'zaka za m'ma 1990 anati kuzindikira kumachokera ku zochitika za quantum m'timachubu ta m'maselo a ubongo. Ganizo lawo lili ndi ubwino woti lingayesedwe. Vuto lake n'loti ubongo ndi wofunda ndi wonyowa. Mu 2000 Max Tegmark anawerengera kuti zochitika zotere zingafafanizike m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 thiriliyoni a sekondi, pamene maselo a ubongo amatumizirana mauthenga pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Hameroff ndi anzake anatsutsa masamuwo, koma akatswiri ambiri a ubongo salitsatira ganizoli.

Pangozi nthawi imaoneka ngati yaima. Ubongo umalowa m'nthawi ina?

Izi zinayesedwa. Mu 2007 David Eagleman ndi anzake anagwetsa anthu odzipereka chagada kuchokera pansanja, mamita 31, kugwera mu ukonde. Padzanja anawamanga kachipangizo kophethira manambala mofulumira pang'ono kuposa mmene diso lingawerengere. Ngati mantha amachedwetsadi nthawi, manambalawo akanawerengeka ali m'malere. Sanawerengeke. Koma atafunsidwa pambuyo pake, anthuwo anati kugwa kwawo kunatalika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kuposa kugwa kwa anzawo kumene anaonerera. Kumasulira kwa ofufuzawo n'koti mantha amachititsa ubongo kusunga zambiri, ndipo pokumbukira, zambirizo zimaoneka ngati nthawi yaitali.

"Tsopano" amene mumamumva ndi womangidwa ndi ubongo. Mauthenga safika pamodzi: minyewa yothamanga imafika mamita 120 pa sekondi, ina ya ululu mita imodzi yokha. Mukapunthwa chala chakuphazi mumayamba mwamva kugunda, kenako pamakhala kampata musanamve kuwawa kwenikweni. Malo nawonso ubongo umawajambula wokha. John O'Keefe mu 1971 anapeza maselo a khoswe amene amayaka khosweyo akafika pamalo enaake, ndipo mu 2005 May-Britt Moser ndi Edvard Moser anapeza ena oyala danga ngati ukonde wa makona 6. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Danga ndi nthawi za m'mutu ndi mapu, ndipo mapu angapindike dziko lili chikhalire.

Pali zimene ndingayese ndekha popanda zipangizo?

Zilipo. Pondani papepala, mujambule phazi lakumanzere, mudule ndi sizasi. Liikeni patebulo, mulizunguze mmene mungathere osalinyamula: likhalabe lakumanzere. Linyamuleni, mulitembenuze, muliikenso, lasanduka lakumanja. Mwagwiritsa ntchito dayimenshoni yachitatu kuchita chimene n'chosatheka m'ziwiri, ndipo ndi zomwe Möbius ankanena za nsapato.

Chachiwiri chimafuna wotchi ya muvi wa masekondi wodumpha, osati woyenda mosalekeza. Yang'anani kumbali, kenako ponyani maso pawotchiyo mwadzidzidzi. Nthawi zina sekondi yoyamba imaoneka yaitali, ngati muvi wakakamira. Mukalephera koyamba bwerezani kangapo, chifukwa zimaoneka bwino maso akafika muvi utangodumpha kumene.

Chifukwa chake muchipeza pagalasi. Imani pafupi, muyang'ane diso lanu lakumanzere, kenako lakumanja, mobwerezabwereza. Simudzaona maso anu akusuntha ngakhale kamodzi. Itanani wina aime pambali, iye awaona akudumpha bwinobwino. Pa kudumpha kulikonse ubongo umatsekereza zimene diso likutumiza kwa kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, kenako umadzaza mpatawo ndi chithunzi chimene wapeza pofika. Pawotchi paja, chithunzi chodzazira mpatacho chinali muvi woima. Maso amadumpha chotere katatu kapena kanayi pa sekondi iliyonse, kuphatikizapo panopa pamene mukuwerenga mzere uno.